Mbalame Zachitsulo

Mu mzinda wa Lilongwe, kufupi ndi msewu wa Malangalanga ku Old Town, muli amisiri ambiri osula zitsulo. Munthu akamadutsa kumeneko amamva kulira kwa nyundo kuyambira m'maŵa kufikira dzuŵa litaloŵa. Amisiriwo amagula migolo yakale ndi malata otha ntchito, nasula mbaula, ndowa ndi makeni othirira ndiwo zamasamba. Luso limeneli si lachilendo m'Malaŵi. Makolo akale ankasungunula miyala yachitsulo m'ng'anjo zadothi, akukoleza moto ndi mvukuto, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo.

Mmodzi mwa amisiriwo ankakhala ku Kawale pamodzi ndi ana aŵiri a mlongo wake, mtsikana ndi mnyamata. Mnyamatayo anali mu Sitandade 5. Akaŵeruka ku sukulu ankathandiza amalume akewo kupala dzimbiri ndi kupaka penti. Amalumewo sankasula mbaula zokha ai. Ntchito ikachepa, ankadula zidutswa zotsala ndi kupanga nkhanga, atambala, akakoŵa ndi nsomba za chambo. Koma chimene ankachinyadira koposa chinali nkhwazi yaikulu yotambasula mapiko, yonga imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko la Malaŵi. Nthenga iliyonse adaidula payokha, naiwotcherera pamalo pake. Ntchitoyo idaŵatengera miyezi iŵiri.

Chaka china mtsikana uja adasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ndalama za fizi zinkafunika msanga. Mbaula zimagulidwa ndithu, koma phindu lake ndi lochepa pakuti ozisula ndi ochuluka. Tsono amalume aja adamva kuti Loŵeruka lina kudzakhala chionetsero cha ntchito zamanja ku Area 10. Adalipira tebulo limodzi. Vuto linali lakuti tebulolo linali laling'ono, ndipo njinga yawo inkanyamula dengu limodzi lokha.

Madzulo a Lachisanu adayala zinthu zonse pamphasa, naitana mnyamata uja.

"Tabwera kuno, mphwanga. Tisankhe zoti tinyamule maŵa."

"Amalume, titenge mbaula. Anthu amazigula tsiku lililonse," adatero mnyamatayo.

Amalumewo adapukusa mutu. Adamufotokozera kuti ogula a ku Area 10 ndi osiyana ndi a ku msika wa Old Town. Pamene boma lidasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, maofesi adamangidwa ku Capital Hill ndi ku City Centre. Chapafupi pomwepo, ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kuli nyumba zikuluzikulu zokhala ndi mabwalo akapinga. Kumeneko kumakhala akuluakulu a ntchito ndiponso alendo ochokera ku maiko ena. Munthu wotere akafuna mbaula amaituma ku msika. Ku chionetsero amakafuna chinthu chokongoletsa pakhomo, kapena mphatso yokapatsa abale ake.

Mbaula zidaikidwa pambali. Kenaka adatenga chinthu chimodzichimodzi, nachiyesa. Poyamba amalumewo ankayendetsa chala m'mphepete mwake. Tambala wina anali ndi lipombo lakuthwa ngati lumo, motero adamchotsa kuopa kuti angacheke mwana wa wogula. Kakoŵa wina adamuimika pansi, namkankha pang'ono. Kakoŵayo adagwa chifukwa miyendo yake inali yaitali ndi yoonda. Nayenso adatsala. Nkhanga ziŵiri zinali ndi timadontho ta dzimbiri pansi pa mapiko, kumene penti sidafike.

"Izi zikakhala pakapinga mvula ya Januwale niŵomba, pofika Malichi zidzakhala zitafiira. Mwini wake sadzatigulanso," adatero amalumewo.

Zimene zidapambana mayesowo zinali nkhanga khumi zazing'ono za maŵanga oyera, atambala anai ndi chambo zisanu ndi chimodzi zopachika pakhoma. Chambozo adazikonda chifukwa zinali zafulati ndi zopepuka. Mlendo wokwera ndege ku Lumbadzi katundu wake amayesedwa pasikelo, tsono amafuna chinthu choloŵa m'sutikesi pakati pa zovala.

Pamphasa padatsala nkhwazi ija. Amalumewo adaiyang'ana nthaŵi yaitali osalankhula. Inali yolemera, mtengo wake unali waukulu, ndipo patebulo ikadatenga malo a nkhanga zisanu. Iwo omwe adaona kuti nzeru inali kuisiya.

"Amalume, ine ndiisenza pamutu. Tikaiimike pansi, kutsogolo kwa tebulo," adatero mnyamata uja. "Anthu akaiona patali adzabwera kudzaiyang'ana."

Amalumewo adaseka, koma adavomera.

Adanyamuka tambala atangolira kachiŵiri. Amalume ankakankha njinga, mnyamata akutsatira pambuyo, nkhwazi ili pankhata. Ulendo unali wautali, ndipo podutsa ku City Centre khosi linali likumpweteka. Sadadandaule pakuti maganizowo anali ake omwe.

Pa chionetseropo panali osema ziboliboli, oluka madengu, oumba miphika ndi osoka zikwama za nsalu za zitenje. Matebulo anali ambiri, koma nkhwazi inkaoneka munthu akangoloŵa pachipata. Ana ankakoka makolo awo kuti akaione. Makolowo ankafunsa mtengo wake, nagwira pakamwa, kenaka maso awo ankagwera pa tinkhanga tija. Pofika masana nkhanga zonse khumi zinali zitatha, chambo zitatsala ziŵiri. Atambala ndiwo sadayende bwino, adagulidwa mmodzi yekha. Mayi wina wa ku Area 43 adafunsa ngati panali akakoŵa oimika m'mbali mwa maluŵa. Amalumewo adakumbukira uja adagwa dzulo lake, nalonjeza kuti adzasula aŵiri a miyendo yolimba.

Madzulo adaŵerenga ndalama. Zidakwanira fizi ya teremu yoyamba, koma za yunifolomu zidapereŵera. Nkhwazi sidagulidwe. Amalumewo adaimanga bwinobwino m'dengu lija, limene tsopano linali ndi malo, ndipo mnyamatayo adayenda chimanjamanja mpaka ku Kawale. M'njira amalume ake adamtuma kuti Lolemba akaŵeruka adzapale dzimbiri pa nkhanga ziŵiri zija.