Masabata Awiri ku Area 10

Amayi anzanga, mwezi wathawu ndinachoka kwathu kuno ku Dwambazi kukaona mwana wanga wamwamuna ndi banja lake ku Lilongwe. Ndinanyamula ufa wa kondowole, usipa wouma ndi mpunga. Basi inadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, mtsinje wa Bua, boma la Nkhotakota ndi Salima, ndipo tinafika dzuwa litapendeka.

Mzinda wa Lilongwe unasanduka likulu la dziko lathu m'chaka cha 1975, boma litasamuka ku Zomba. Amene anaukonza anaugawa m'madera okhala ndi manambala. Area 10, kumene ndinafikira, ili pafupi ndi Capital Hill, ndipo kumakhala akuluakulu a boma, akazembe ndi eni makampani. Misewu yake ndi yatala, mitengo ndi yambiri, koma nyumba iliyonse inabisala m'kati mwa mpanda wanjerwa. Pageti pali mlonda ndi galu.

Apongozi anga anandilandira mwaulemu. Anandipatsa chipinda changachanga, madzi otentha akutuluka pampopi. Komabe ndinaona kuti kumeneko chilichonse n'chogula, ngakhale masamba a nkhwani amene ife timangothyola kudimba. Choncho mukafuna kupitako, yambani mwatumiza uthenga, musatenge gulu la ana, ndipo musachedweko. Paja mlendo ndi mame.

Tsiku lachisanu ndinamva kulira kuseri kwa mpanda. Ndinafunsa kuti, "Apongozi, kodi kwagwanji kwa anzanuwa?"

Iwo anayankha motsitsa mawu kuti, "Amayi, takhala pano zaka zitatu, koma ngakhale dzina lawo sitilidziwa."

Mtima wanga unawawa. Kodi kwathu kuno maliro angagwe pakhomo loyandikana nalo, iwe n'kumadya nsima uli phee? Ndinamanga chitenje, ndinapungula ufa m'mbale, n'kutuluka. Ndisanafike pageti ndinamva mapazi pambuyo panga. Anali apongozi, nawonso atamanga chitenje ndi mpango.

Tinapeza mayi amene anataya mwamuna wake usiku womwewo ali ndi anthu anayi okha, abale akadali m'njira. Tinakhala naye pansi, tinasonkha moto panja, tinaphikira obwera kudzapepesa mpaka m'mawa. Pamene ndinali kutsanzika pobwerera kuno, mayi uja anabwera yekha kudzandiperekeza mpaka kumsewu, atagwirana dzanja ndi apongozi anga.

Tsono inu a kumudzi, musachite manyazi ndi mwambo wanu mukalowa m'nyumba zazikuluzo. Ndipo inu a m'tauni, gogodani pageti la mnzanu lero, kukadali mtendere, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine ndafika bwino. Nyanja ndaipeza ili bata, ndipo chinangwa chimene ndinauza adzukulu kuti aviike chafewa kale.