Katuni ya pafoni yandikumbutsa za ku Chikala

Abale anga apamsika, ine ndimagulitsa kaunjika pa Balaka ndipo za makatuni ndinkati ndi za ana. Koma mwezi wa Januwale, mvula ili pakamwa, malonda atagwa mphwayi, mnyamata wanga wa Fomu 3 adandikhazika pa belo nkundiyatsira foni. Akuti katuni ya ku Japan, dzina lake Vinland Saga, ya Makoto Yukimura, yomwe idayamba kuonetsedwa mu 2019. Chizungu chapansipo amandimasulira yekha. Zigawo 24 tidazimaliza sabata imodzi, mpaka makasitomala ena kumachita kundigwedeza paphewa.

Nkhani yake ndi ya cha m'ma 1013, pamene Sweyn, mfumu ya Denmark, inkalanda England. Muli chigawenga china, Askeladd. Munthuyu adaphetsa Thors mwachinyengo mwana wake Thorfinn akuona, ndipo mwanayo adakulira m'gulu la chigawengacho akudikira tsiku lobwezera. Pena Askeladd adapha mudzi wathunthu nthawi yachisanu chifukwa chofuna chakudya chawo basi. Ine pamenepo ndidati uyu ndi galu.

Kenaka akutiuza kuti mayi wake adali kapolo wogwidwa ku Wales. Mfumu Sweyn itamupanikiza kuti asankhe chopulumutsa pakati pa dziko la mayi wake ndi Canute, mwana wa mfumuyo amene ankamutumikira, iye adadula mutu wa mfumu pamaso pa anthu, nkudzipengetsa misala dala kuti mlandu ukhale wake yekha, nkulola Canute amubaye. Zonse ziwiri adapulumutsa. Mnyamata wanga misozi chuchuchu, amvekere, "Ababa, ameneyu ndiye ngwazi."

Ine ndidangoti chete. Maganizo adali atathawira kwathu ku Ntaja, komwe phiri la Chikala timaliona tikangotuluka m'nyumba.

Paphiri limenelo mpamene padali linga la mfumu Kawinga ya makedzana ija. Masiku amenewo mafumu amphamvu a chigawo chino, monga Kawinga, Liwonde, Mponda ndi Jalasi, ankatumiza minyanga ya njovu ndi anthu kugombe la nyanja yamchere, nkubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Azungu atalengeza ulamuliro wawo mu 1891, Harry Johnston adabweretsa asilikali a chi Sikh ochokera ku India, ndipo Chikala adagwa mu 1895. Wina akuuzani kuti Kawinga adakana kugonjera atsamunda, ndipo nzoona. Wina akuuzani kuti ankagulitsa anthu, nazonso nzoona. Johnstonyo, wothetsa ukapolo, ndi yemweyo adatibweretsera msonkho. Nanga muloza chala uti?

Koma chidandikhazika chete si mbiri ya m'mabuku ayi. Agogo anga aakazi, malemu, adandiuza kamodzi kokha, tikukazinga chimanga, kuti agogo awo adagwidwa ali kamtsikana kumadzi m'mbali mwa Shire, pamodzi ndi mlongo wawo. Mnyamatayo adamumanga goli nkupita naye kummawa, osabweranso. Mtsikanayo adatsala chifukwa adali ndi chilonda kumwendo, sakadafika. Mmodzi mwa amfuti omwewo adamutenga, nkumupatsa dzina lina, atakula nkumukwatira. Dzina lake lenileni lidathera pamadzi pomwepo.

Tsono imvani izi. Bambo ameneyo, akuti chaka china cha njala ankanama kuti wadya kale kwa anzake, kusiyira ana phala, mpaka adatupa miyendo namwalira. Ana adapulumukawo ndiwo adabala ife. Agogo ankamutchula mwaulemu, "ambuje", koma pofika pa mlongo wotayika uja mawu ankawathera pakhosi.

Nchifukwa chake ine Askeladd sindingamuombere m'manja ngati mwana wanga, ngakhale kumutukwana kwandikanikanso. Wojambulayo ndi wochenjera zedi. Adationetsa nkhope ya mayi wa chigawenga kuti timve chisoni, pamene a m'mudzi wophedwa uja tidangowaona chigawo chimodzi, mawa lake taiwala. Ndimo zimakhalira ngakhale pano pamsika: wakatapira amene adalanda katundu wa amayi asanu akagula bokosi pamaliro amodzi, anthu amangokamba za bokosilo. Imfa ya Askeladd idaombola Wales, inde, koma sidadzutse ndi mmodzi yemwe wa m'mudzi muja. Phala la ambuje lidasunga ana awo, koma mlamu wawo adapitabe m'goli.

Madzulo ake tikumanga mabelo ndidamufotokozera mnyamata wanga zonsezi, koyamba. Adakhala kaye duu, kenaka nkufunsa, "Ndiye ife ndife a uti, ogwidwawo kapena ogwirawo?"

Ndidamuuza kuti anyamule belo, wakabaza akudikira. Pa Isitala ndamulonjeza kuti tikwera minibasi ya ku Ntaja, akaone Chikala ndi maso ake, ndi manda awiri aja ali pansi pa mtengo umodzi.