Ku Boston, komwe mkangano wa makochi a hockey sutha

Mumzinda wa Boston, ku America, muli msewu wautali wotchedwa Commonwealth Avenue. Pakati pa msewuwu pamadutsa kasitima kamagetsi kobiriwira komwe eni dera amangoti Green Line, ndipo nthambi yake ya B imayenda mwachidodo ngati ikuwerenga nyumba. Kasitimaka kamadutsa pa Boston University, kenako n'kukathera pafupi ndi Boston College. Sukulu ziwirizi zatalikirana makilomita ochepa chabe, koma ikafika nkhani ya hockey ya pa ayezi, anthu ake samwerana madzi.

Ndinakhala mumzindawu sabata ziwiri m'mwezi wa February, nthawi imene chipale chofewa chimaunjikana m'mbali mwa misewu ndipo kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Funso limene ndinayenda nalo linali limodzi: pa makochi onse amene anaphunzitsapo matimu a hockey a m'mayunivesite a ku America, katswiri weniweni ndani? Ku Boston funsoli silifuna kukakamiza munthu. Mukangolitchula, ngakhale gogo amene amaodzera pampando amadzidzimuka n'kuyamba kuwerenga zaka pazala.

Kwa amene simunaonepo masewerawa, timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, kuphatikizapo goloboyi. Amavala nsapato zokhala ndi kachitsulo konga mpeni kunsi kwake, ndipo amatsetsereka pa ayezi akumenya ndi ndodo kampira kakuda kophwatalala kotchedwa puck. Masewero amagawidwa zigawo 3 za mphindi 20. Liwiro lake ndi loopsa moti wosewera sakhalitsa m'bwalo: pakangotha pafupifupi mphindi imodzi amatuluka, anzake n'kulumphira momwemo masewero ali mkati. Apa ndi pamene pali ntchito ya kochi, chifukwa amasintha anthu usiku wonse. Komanso ku yunivesite wosewera amangokhala zaka zochepa n'kumapita, choncho kochi amakhalira kumanga timu yatsopano. Amene wapambana kwa zaka 30 ndiye kuti wapambana ndi mibadwo yambirimbiri ya achinyamata.

Ndinayambira pa Agganis Arena, bwalo la Boston University lomwe linatsegulidwa mu 2005 ndipo mumalowa anthu oposa 6,000. Ayezi amene amaseweretsapo m'bwaloli anamupatsa dzina la Jack Parker. Bambo ameneyu anabadwira ku Somerville, kufupi ndi Boston komweko, anasewerera sukuluyi, kenako anakhala kochi wake kuyambira kumapeto kwa 1973 mpaka 2013. Zaka 40 pa sukulu imodzi, abale! Anapambana masewero 897 ndipo anatenga chikho cha dziko lonse katatu, mu 1978, 1995 ndi 2009. Masapota ovala zofiira amakonda kusimba fainolo ya 2009. Kutangotsala mphindi imodzi, timu yawo inali kumbuyo 3-1 posewera ndi Miami University ya ku Ohio. Inamwetsa zigoli ziwiri m'masekondi otsalawo, n'kukapambana 4-3 m'nthawi yoonjezera. Mayi wina wogulitsa majezi anandifotokozera nkhaniyi manja ali m'mwamba ngati zachitika dzulo.

Tsiku lina ndinakwera kasitima kaja mpaka kumathero, n'kuyenda wapansi kulowa Boston College, sukulu ya ansembe a Chijezwiti yomwe ili ku Chestnut Hill. Kumeneko dzina ndi la Jerry York. Iye ndi Parker anabadwa chaka chimodzi, 1945, ndipo anayamba kulimbana ali anyamata a kusekondale, wina sukulu iyi wina iyo. York anakhala kochi wamkulu ku Clarkson mu 1972, anapita ku Bowling Green mu 1979, kenako mu 1994 anabwerera ku Boston College komwe anaphunzira. Pamene ankapuma mu 2022 anali atapambana masewero 1,123, ndipo palibe kochi wina wa matimu aamuna a m'mayunivesite amene anafikapo pamenepo. Amene ankatsogola kale, Ron Mason, analekezera pa 924.

Zikho za dziko lonse York ali nazo 5. Choyamba anachitenga ndi Bowling Green mu 1984, pa fainolo imene inapita nthawi yoonjezera kanayi konse asanagonjetse Minnesota Duluth 5-4. Zinazo anatenga ndi Boston College mu 2001, 2008, 2010 ndi 2012. Cha 2001 chija chinapukuta misozi ya zaka 52, pakuti sukuluyi inali isanalawenso chikho chichokereni 1949. Anthu awiriwa ndi osiyana ngati mchere ndi shuga: Parker ankadziwika ndi ukali ndi pakamwa pakuthwa, pamene York ankadziwika kuti ndi munthu wofatsa, waulemu, wosakonda phokoso.

Mkangano wonsewu umafika pachimake pa Lolemba loyamba ndi lachiwiri la February, pa mpikisano wa Beanpot. Unayamba mu 1952 ndipo umakhudza sukulu 4 zokha za m'derali: Boston University, Boston College, Harvard ndi Northeastern. Umachitikira mu TD Garden, chibwalo chachikulu chomwe chinamangidwa pamwamba pa siteshoni ya sitima ya North Station. Chikho chake ndi kamphika kophikira nyemba, koma mmene anthu amakalimbiranira mungati ndi golide. Akuluakulu amakumbukira za 1978, pamene chipale chinagwa mwamkokomo masewero ali mkati, masapota ena n'kugona m'bwalo lakale la Boston Garden atasowa njira yobwererera kwawo. Pa kamphika kameneka Parker ndiye mfumu: anakatenga ka 21, pamene York anakatenga ka 9.

Ndinakhala m'mipando ya pamwamba, pakati pa bambo wachikulire wovala chipewa chofiira ndi mayi wina amene anati kwawo ndi ku Minnesota. Pa nthawi yopuma, galimoto ya Zamboni ikusalaza ayezi, ndinaponya funso langa. Bambo aja sanachedwe. "Mwana wanga, ukufunsiranji zoonekeratu? Werenga mbendera za Beanpot uone." Mayi aja anaseka n'kuti, "Bambo, mpikisano wa sukulu zinayi zoyandikana nawonso ndi wowerengera? Inu a ku Boston mumaona ngati dziko limathera pa mtsinje wa Charles. Nanga Herb Brooks mwamusiya kuti?"

Mayiwo anali ndi mfundo. Brooks anaphunzitsa University of Minnesota zaka 7 zokha, kuyambira 1972 mpaka 1979, koma anatenga zikho 3, mu 1974, 1976 ndi 1979. Mu 1976 anyamata ake anakumana ndi a Parker mu semifainolo, ndipo kunabuka ndewu ya timu yonse imene anthu amaikambabe. Patapita zaka 4, Brooks yemweyo anatenga osewera 9 a ku Minnesota ndi 4 a ku Boston University, anthu osaonana ndi diso labwino, n'kuwaphatikiza ndi ena kupanga timu ya America ya ku Olympics. Pa 22 February 1980, ku Lake Placid, anyamata amenewa anagonjetsa akatswiri a Soviet Union 4-3, kenako anathambitsa Finland n'kutenga mendulo ya golide. Chigoli chopambanira pa Soviet Union anamwetsa ndi kaputeni Mike Eruzione, ndipo pagolo panali Jim Craig. Onse awiri anachokera m'manja mwa Parker. Bambo a chipewa aja atakumbutsa zimenezi, mayi aja anangopukusa mutu.

Mukafuna kungowerenga zikho, ndiye kuti Boston yense akhale pansi, chifukwa Vic Heyliger wa ku University of Michigan anatenga 6 pakati pa 1948 ndi 1956. Murray Armstrong wa ku Denver anatenga 5 pakati pa 1958 ndi 1969. Koma nthawi ya Heyliger mpikisano wa dziko lonse unkangokhala ndi matimu 4, moti kupambana masewero awiri kunali kokwanira kunyamula chikho. Lero matimu amakhala 16 ndipo muyenera kupambana kanayi motsatizana, mukangophonya kamodzi ulendo wa kwanu. Palinso Ned Harkness, amene timu yake ya Cornell mu 1970 inasewera masewero 29 n'kupambana onse 29, osagonja ngakhale kufanana mphamvu. Palibe timu ina ya amuna ya m'gulu lapamwamba imene yabwerezapo zimenezi.

Dzina limene sindinalimve kawirikawiri m'mikangano ya ku Boston ndi la Mark Johnson. Bambo ake, Bob Johnson, anatenga zikho 3 ndi timu ya amuna ya Wisconsin. Mark anali m'timu ya 1980 ija ndipo anamwetsa zigoli ziwiri pa Soviet Union. Kuyambira 2002 wakhala akuphunzitsa timu ya atsikana ya Wisconsin, ndipo pofika 2025 anali atatenga zikho za dziko lonse 8. Palibe kochi wa matimu aamuna amene ali ndi zochuluka chonchi. Kumusiya pamndandanda n'kunena kuti thukuta la atsikana silowerengedwa, ndipo ine sindingavomereze zimenezo.

Komabe manambala sanena zonse. Mu Agganis Arena, m'mwamba mwa bwalo, muli nambala 24 ya Travis Roy. Pa 20 October 1995, usiku umene sukuluyi inkakweza mbendera ya chikho cha chaka chimenecho, mnyamata wa zaka 20 ameneyu analowa m'bwalo koyamba kusewerera timu ya maloto ake. Patangotha masekondi 11 anakawomba mutu pa chipupa cha bwalo, mafupa a m'khosi n'kuthyoka, ndipo sanayendenso. Roy anabwerera kusukulu pa njinga ya olumala, anamaliza maphunziro ake mu 2000, ndipo anayambitsa bungwe lothandiza anthu ovulala msana. Parker sanamutaye. Anakhala naye pafupi ngati mwana wake mpaka pamene Roy anamwalira mu 2020. Wosewera amene sanamwetse chigoli n'chimodzi chomwe ndiye anaonetsa mtima wa kochi wake kuposa zikho zonse zija.

Koma mbiri ya Parker ili ndi banga, ndipo anthu achilungamo a ku Boston sabisa. Pakati pa December 2011 ndi February 2012, osewera ake awiri anamangidwa pa milandu yokhudza nkhanza kwa atsikana, ngakhale mlandu wa mmodzi unadzathetsedwa. Yunivesite inakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo lipoti lake linadzudzula khalidwe limene linamera pakati pa osewera ena, lodziona ngati ali pamwamba pa malamulo, komanso kuchepa kwa uyang'aniro. Kholo likapereka mwana wa zaka 18 kwa kochi, silifuna zigoli zokha. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo kochi wa ku yunivesite amalandira mitengo idakali yanthete. Zimene anyamata ake amachita akavula jezi ndi gawo la ntchito yake.

Ndiye mndandanda wanga uli motere. Woyamba ndi Jerry York. Anatenga chikho ndi sukulu ziwiri zosiyana, ndipo pakati pa chikho chake choyamba ndi chomaliza panadutsa zaka 28, kusonyeza kuti masewero ankasintha iye n'kumasintha nawo. Mu 2019 analowetsedwa mu Hockey Hall of Fame ku Toronto, ulemu umene makochi a m'mayunivesite saupeza wamba. Wachiwiri ndi Mark Johnson, chifukwa zikho 8 sizibwera mwamwayi. Wachitatu ndi Jack Parker, chifukwa cha zaka 40 zija ndi zimene anachitira Travis Roy, ngakhale lipoti la 2012 likumukokera pansi. Wachinayi ndi Herb Brooks: palibe anawala ngati iye, koma zaka zake za ku Minnesota zinali zochepa, ndipo mendulo ya 1980 ndi ya dziko, si ya sukulu. Wachisanu ndi Vic Heyliger, amene anatsegula njira pamene mpikisano unali wakhanda.

Ndikudziwa kuti wa ku Minnesota akawerenga izi adzati ndamulakwira Brooks, ndipo wa ku Ithaca, kwawo kwa Cornell, adzafunsa kuti munthu wopambana 29 pa 29 angasowe bwanji pa anthu asanu. Onsewo ali ndi zifukwa zomveka. Chimene ndinganene kwa inu amene mumaphunzitsa ana masewero alionse, kaya mpira wa miyendo kaya wa manja, n'chakuti ku Boston makochi awiriwa anapuma kalekale, koma anthu akamawayeza amatchula zinthu ziwiri limodzi: zikho zimene anatenga, ndi mmene anyamata awo anakhalira atakula. Muyeso wachiwiriwo ndi umene makolo amausunga.