Mawu a Mlezi M'zala za Katswiri

Madzulo ena, ana atagona, ndinatchera mbale yakale imene mnzanga anandibwereka. Woliza piyano anali Béla Bartók, katswiri wa ku Hungary wobadwa mu 1881, ndipo ankaliza nyimbo zimene anakonza yekha. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti zala zake sizinkagunda mofanana ngati wotchi. Pena ankafulumira, pena ankazengereza, monga achitira munthu wokamba zakukhosi. Ndinadzifunsa: kodi kalizidwe kotere anakatenga kuti?

Yankho lake lili kumudzi. Mu 1904 Bartók anamva mtsikana wolera mwana, Lidi Dósa, akuimba nyimbo ya kwawo ku Transylvania, ndipo nyimboyo inamgwira mtima. Posakhalitsa iye ndi mnzake Zoltán Kodály anayamba kuyendera midzi atanyamula makina a Edison ojambulira mawu paphula. Alimi, abusa a nkhosa ndi amayi okalamba ankaimbira m'lipenga la makinawo, mpaka nyimbo zikwizikwi zinasungidwa.

Zina mwa nyimbozo Bartók anazisamutsira pa piyano. Mu 1908 ndi 1909 anakonza "Gyermekeknek", ndiye kuti "Za Ana", zoyenera timanja tating'ono. Ndipo pakati pa 1914 ndi 1918 anakonza nyimbo 15 za alimi a ku Hungary. Nyimbo ya wam'mudzi anaisiya imveke pamwamba, iye n'kumangoichirikiza ndi maliwu oŵerengeka. Kuzengereza kuja ndi malo amene woimba ankapumira kapena kutsindika liwu. N'chifukwa chake olizanso nyimbozi, monga Zoltán Kocsis amene anazijambulitsa m'zaka za m'ma 1990, ankatchera khutu ku mbale za mwiniwakeyo.

Bartók anachoka kwawo mu 1940 chifukwa cha nkhondo, ndipo anamwalira ku New York mu 1945 asanaonenso midzi ija. Koma oimba ake akumvekabe.

Mbale itatha, ndinakhala chete kwa nthaŵi yaitali. Agogo anga aakazi ankadziŵa nyimbo zambiri za pamtondo. Ine ndinali ndi wailesi yojambulira, koma ndinkangoti ndidzawajambula maŵa. Lero agona kumanda, ndipo chimene ndatsala nacho ndi kachidutswa ka nyimbo imodzi, kopanda mathero.

Aŵerengi okondedwa, ngati pakhomo panu pali nkhalamba yoimba, ikhalireni pafupi madzulo ano.