Kamtanda ka m'Buku la Ukwati

Mlimi wosauka wa ku Poland wa m'zaka za m'ma 1800 ankalembedwa katatu pa moyo wake: tsiku lobatizidwa, tsiku lokwatira ndi tsiku loikidwa m'manda. Sankasiya kalata chifukwa sankadziwa kulemba, sankasiya chithunzi, ndipo mtanda wamtengo umene ankauzika pamanda ake unkaola ana ake asanakalambe n'komwe. Wofuna kumudziwa munthu wotere lero ayenera kugogoda pakhomo la parishi n'kupempha mabuku a ansembe. Mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku England, anachita zimenezi pofuna kudziwa kholo la mtundu wake.

Agogo ake aakazi anali mmodzi mwa ana a ku Poland amene nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inawaponyera kutali. Mu Febuluwale 1940 boma la Soviet Union linasamutsa mabanja ambirimbiri a alimi a ku Volhynia, dera limene lero lili m'dziko la Ukraine, n'kukawataya kumisasa ya kumpoto kozizira. Ena mwa opulumuka anatuluka kudzera ku Iran mu 1942, ndipo ena a iwo anafika mpaka kumisasa ya ku Northern Rhodesia monga Lusaka, Bwana Mkubwa ndi Abercorn. Agogowo anakulira kumsasa wa ku Lusaka asanapite ku England nkhondo itatha. Paulendo wonsewo mapepala a banja anatayika. Anatsala ndi zinthu ziwiri zokha zosiyira adzukulu: dzina la mudzi wina wa kufupi ndi mzinda wa Tarnów, kumene bambo awo anabadwira asanasamukire kum'mawa, ndi nkhani imene ankaikamba mobwerezabwereza, yoti makolo awo anali eni minda, a nyumba yaikulu ndi akavalo, mpaka tsoka linawagwera. Agogowo atamwalira, mdzukuluyo anaganiza zokaipeza nyumba yaikuluyo, ngakhale papepala pokha.

Mabuku amene anawatsegula ali ndi mbiri yawo. Msonkhano wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti ansembe azilemba maubatizo ndi maukwati, ndipo mu 1614 anawonjezerapo za maliro. Mu 1772 dera la Tarnów linagwa m'manja mwa Austria ndi kutchedwa mbali ya Galicia. Mfumu Joseph II inalamula mu 1784 kuti wansembe wa parishi akhalenso mlembi wa boma, ndipo kuyambira pamenepo mudzi uliwonse unkakhala ndi buku lake, lolembedwa m'Chilatini, masamba ake ogawidwa m'timabokosi. Kabokosi kena kanali ka tsiku, kena ka nambala ya nyumba, kena ka dzina la mwana, kena kosonyeza ngati mwanayo ndi wa muukwati kapena wa pathengo, kenanso ka makolo ndi oimira mwana pa ubatizo. Boma linkafuna kudziwa kumene lingapeze asilikali ndi msonkho, Mpingo unkafuna kuwerenga nkhosa zake. Panalibe amene ankalemba kuti mlimi akumbukiridwe. Chaka chilichonse wansembe ankakopera zolembazo n'kutumiza kwa bishopu, ndipo makope amenewa ndi amene mayiyu anayamba kuwerenga kunkhokwe ya zolemba zakale ya dayosizi ya Tarnów.

Masiku oyamba anali ophunzira kuona. Wansembe aliyense anali ndi kalembedwe kake, wina kowongoka, wina kothamanga ngati nkhuku yapalasa. Maina anali atavala zovala za Chilatini: Jan ankalembedwa Joannes, Jadwiga ankalembedwa Hedvigis, ndipo Wojciech ankasandulika Adalbertus, dzina losafanana n'komwe ndi limene mayi wake ankamuitanira kumunda. M'mudzi umodzi munkapezeka amuna anayi kapena asanu a dzina limodzi ndi mfunda umodzi. Chowasiyanitsa chinali dzina la mkazi, dzina la apongozi ndi nambala ya nyumba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayiyu anayamba ndi ubatizo wa bambo a agogo ake, n'kubwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi, osadumpha, mpaka anafika kwa mwamuna wobadwa cha m'ma 1820, amene anali agogo a bambowo.

Pamenepo ndi pamene anakumana ndi mawu atatu amene ansembe ankagawira anthu a m'mudzi. Cmetho anali mlimi wa munda wokwanira kudyetsa banja, wokhala ndi ng'ombe kapena akavalo olimira. Hortulanus anali ndi kanyumba ndi kadimba chabe. Inquilinus analibe munda ngakhale nyumba: ankagona pakona m'nyumba ya eni, n'kumalipira pogona ndi thukuta lake. Onsewa anali pansi pa mwini malo, amene ankamulimira popanda malipiro, ena mpaka masiku atatu pamlungu. Anthu a ku Poland ankautcha mtolo umenewu pańszczyzna, ndipo aliyense amene agogo ake anamusimbira za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje sangafune womumasulira. Mwana amene mayiyu ankamufuna anabatizidwa tsiku lomwelo limene anabadwa, monga zinkachitikira nthawi zambiri poopa kuti khanda lingafe lisanabatizidwe. Pambali pa dzina la bambo wake panalembedwa hortulanus. Pa ukwati wa mwanayo, zaka zoposa 20 zitadutsa, mawu aja anali atatsika: inquilinus. Kadimba kaja kanapita kwa mkulu wake.

Nyumba yaikulu inalipo ndithu m'mudzimo, koma mtundu wa mayiyu unkailowera kukhomo la kuseri. Iye anakhala masiku angapo osatsegula mabukuwo. Sanali wachisoni chifukwa chosowa ufumu. Chimene chinkamuwawa chinali kuganiza za kamtsikana ka kumsasa wa ku Lusaka, kopanda nsapato, kokhala ndi nkhani ya akavalo yokha ngati chuma chake. Anadzifunsa ngati kupitiriza kufukula sikunali kulanda wakufa chofunda chake. Koma anaonanso kuti nthano ija, pokweza makolo ongopeka, inali itakwirira munthu weniweni amene anakhalapo, ndipo akanasiyira pomwepo munthuyo akanakwiririka kachiwiri.

Atabwerera kumabuku anayamba kuwawerenga mopingasa, kusiya kusaka dzina limodzi n'kumayang'ana tsamba lonse. Ana anayi oyamba a mlimi uja anabadwira m'nyumba za manambala anayi osiyana. Wansembe sanalembe kuti banjali linkasamukasamuka, koma manambalawo ankanena okha: chaka chino pakona pa uyu, chaka chamawa pakona pa uje, mkazi ali ndi pakati, katundu ali pamutu. Pambali pa maina a ana ena panali kamtanda kakang'ono, chizindikiro chimene ansembe ankaika pa ubatizo wa mwana amene anadzamwalira.

Kenako anafika pa tsamba la Febuluwale 1846. Mwezi umenewo eni minda ena anakonza zoukira Austria kuti amasule Poland, koma alimi a m'dera la Tarnów, atakolezeredwa ndi akuluakulu a boma la Austria, anatembenukira eni mindawo. Mtsogoleri wawo wodziwika anali Jakub Szela. M'masiku ochepa anthu pafupifupi 1,000 anaphedwa ndipo nyumba zikuluzikulu mazanamazana zinaphwasulidwa. M'buku la maliro la parishi ija munali maina a anthu a kunyumba yaikulu, pambali pake pali mawu a Chilatini akuti occisus, kutanthauza wophedwa. Wansembe ankalemba akufa okha; ogwira zikwakwa ndi mafoloko a udzu analibe kabokosi kawo. Mlimi uja panthawiyo anali mwamuna wa mphamvu zake, wopanda munda, wa ana anjala. Mayiyu anazindikira kuti tsoka limene agogo ake ankalitchula lingathe kukhala lomweli, koma litatembenuzidwa: banja linasunga chikumbukiro cha nyumba yaikulu ikugwa, n'kuiwala mbali ya mpanda imene linaima. Sanamuweruze kholo lake, ndipo sanamuyeretse. Anangolisiya tsambalo lotsegula kwa nthawi yaitali.

Masamba a 1847 anali odzaza mpaka m'mphepete. Mbatatesi, chakudya cha osauka, inali itaola m'minda, ndipo njala inabwera ndi matenda a typhus. Kumene wansembe ankalemba maliro ochepa pamwezi, tsopano ankalemba angapo patsiku, inki ikumka nisuluka ndi zilembo zikumka nizichepa kuti pepala likwane. Pamndandanda umenewo panali mkazi wa mlimi uja ndi ana ake awiri, motsatizana. Milungu yowerengeka itadutsa, buku la ukwati linamuonetsa ataima pa guwa ndi mkazi wina. Poyamba mayiyu zinamukhumudwitsa, koma atayang'ana tsamba lonselo anaona kuti pafupifupi theka la okwatira anali amasiye. Wokhala ndi ana aang'ono otsala, pamene ganyu ikumudikira m'bandakucha, analibe nthawi yolira chaka chathunthu.

Mu Epulo 1848 bwanamkubwa wa Galicia, Franz Stadion, analengeza kutha kwa thangata, ndipo alimi anasanduka eni ake a minda imene ankalima. Mabuku a mbiri amachitchula chaka chimenechi ndi ulemu waukulu. Koma lamulolo linapereka munda kwa amene anali nawo kale m'manja. Pa ubatizo wa mwana wotsatira, pambali pa dzina la mlimi uja panalembedwabe inquilinus. Ufulu unamudutsa pakhomo, popeza khomolo silinali lake.

Chinthu china chimene anachipeza sichinali m'kabokosi ka makolo koma ka oimira ana pa ubatizo. Dzina la mlimi uja linkabwera kawirikawiri kumeneko, chaka ndi chaka, ngakhale pa ana a alimi a minda ikuluikulu. M'mudzi wa Chikatolika kuimira mwana kunali kumanga ubale wa moyo wonse pakati pa mabanja awiri, ndipo munthu sankapereka mwana wake m'manja mwa chidakwa kapena wakuba. Palibe wansembe amene analemba kuti mwamunayu anali wokhulupirika, koma anansi ake analemba zimenezo m'njira yawo, pomusankha. Kenako nambala ya nyumba inaleka kusintha. Ana atatu omaliza anabadwira pa nambala imodzi, ndipo mayiyu atafufuza ubatizo wa mkazi wachiwiri uja anapeza kuti ndi nyumba imene mkaziyo anabadwira. Apongozi atamwalira, mkamwini anatsala pakhomo. Mawu a pambali pa dzina lake anakwera: hortulanus.

Malamulo a Austria ankati munthu wosakwana zaka 24 sangakwatire popanda chilolezo cha bambo wake. Chotero m'mabuku a ukwati a ku Galicia, pansi pa timabokosi ta Chilatini, mumapezeka kachiganizo ka m'Chipolishi kamene bambo akuvomereza ukwati wa mwana wake, ndipo wosadziwa kulemba ankaika mtanda m'malo mwa dzina. Mayiyu anapeza kachiganizo kotere pa ukwati wa mwana wamkazi wa mlimi uja. Koma limene ankawerengalo linali kope, ndipo mtanda wa m'kope ndi wa mlembi. Anakwera basi kupita kumudzi kuja n'kukagogoda kunyumba ya ansembe.

"Bambo, ndabwera kudzaona dzanja la agogo anga," anatero.

Bambo mfumu anatulutsa buku lenileni m'kabati n'kuliika patebulo. Mtanda unali pomwepo, wopendekeka, mzere wina wautali kuposa unzake, inki itadontha pamene cholembera chinatsindikizidwa kwambiri, monga limachitira dzanja lozolowera mpini. Pa zonse zimene zinalembedwa za munthuyu m'zaka pafupifupi 50, mizere iwiri imeneyi yokha ndi imene sinadzere m'dzanja la munthu wina. Mayiyu sanaukhudze. Anauyang'ana, naona kuti mwamuna amene m'moyo wake wonse ena ankamulamula kumene alime ndi kumene agone, tsiku limeneli anafunsidwa maganizo ake, ndipo ukwati sukanachitika iye akanakana.

Dzina lake linalembedwa komaliza mu 1873, chaka chimene kolera anasesa midzi ya ku Galicia, pakati pa maina ambiri a mlungu womwewo. Manda ake kulibe. Mdzukulu wake ndi amene anadzapita ku Volhynia kukafuna munda waukulu, ndipo n'kutheka kuti akavalo a m'nkhani ija anali a kumeneko, akavalo oyamba amene mtunduwo unakhala nawo, amene anatsala m'khola usiku wa Febuluwale 1940. Kamtsikana kaja sikananame ayi. Kanangotalikitsa zaka 20 za kukhuta kuti zikwanire mibadwo yonse.

Ku Poland kuli mwambo wotchedwa wypominki. Mwezi wa Novembala ukamayandikira, anthu amalemba maina a akufa awo pa timapepala n'kupereka kwa wansembe, ndipo mainawo amawerengedwa mokweza m'tchalitchi, mpingo ukupemphera. Asanachoke, mayiyu anapempha kapepala. Analemba agogo aja amene tsopano ankawatchula ndi ulemu, akazi awo awiri, ndi ana onse amene anali ndi kamtanda pambali pa maina awo. Sanalembe maina a Chilatini. Analemba a Chipolishi, amene eni ake akanayankha atawamva. Kumapeto anawonjezera dzina la agogo ake aakazi, amene sanapondepo m'mudzimo, kuti awerengedwe pamodzi ndi anthu awo.