Attack on Titan si katuni ya ana

Anyamata a kuno ku Henga, kuyambira ku Phwezi mpaka ku Mhuju, akugawana Attack on Titan pa mafoni ngati chimanga chokazinga, ndipo ambiri afika tsopano m'chigawo chomaliza. Ine chandigwira mtima ndi mmene chigawochi chimayambira. Kuchokera mu 2013 tinazolowera kuima ndi Eren ndi anzake a mkati mwa malinga. Chigawo chomaliza, chomwe inajambula kampani ya MAPPA ndipo chinayamba kuonetsedwa mu Disembala 2020 n'kutha mu Novembala 2023, chimatiwolotsa nyanja n'kutiika ku Marley, kwa adani. Kumeneko timapezako Gabi ndi Falco, ana amene aphunzitsidwa kuyambira ali makanda kuti anthu a pa chilumba cha Paradis, kwawo kwa Eren, ndi ziwanda. Amakhulupiriradi, chifukwa anawauza ndi akuluakulu awo.

Apa mpomwe Hajime Isayama, mlembi wa nkhaniyi, anaonetsa luso. Sukhalanso ndi mbali yoombera m'manja. Eren amene tinkamumvera chisoni pamene amayi ake anadyedwa ndi chimphona iye akuona ndi yemweyo amene akupondetsa midzi ya anthu osalakwa, ndipo ine sindingamukhululukire ngakhale ndikudziwa kumene ukali wake unachokera.

Makolo, musanyengeke poona kuti ndi zojambula. Muli magazi ambiri, si za mwana wa Sitandade 3. Koma ngati wanu wa ku sekondale akuonera, khalani naye pansi mumufunse kuti wolakwa ndi ndani, mumve mmene akuganizira.