Kalata yochokera ku Cape Town: Werengani zimene alemba pa dzina lanu

Okondedwa abale ndi alongo kumudzi,

Kalatayi ndalembera makamaka achinyamata amene mukukonza ulendo wobwera kuno, ndi makolo amene ana anu ali kale ku Joni. Nkhani yake ndi ya mbiri ya ngongole, imene kuno amaitchula kuti credit report.

Kwathu munthu wobweza ngongole amadziwika ndi anthu: mwini golosale, amfumu, azimayi a banki m'khonde. Kuno amene amakuchitira umboni ndi makampani osunga mbiri za ngongole monga TransUnion, Experian ndi XDS. Ukafuna nyumba ya lendi ku Bellville kapena ku Wynberg, foni yolipira pamwezi, kapena ngongole ku banki, amayamba afunsa kumeneko. Zikalembedwa zoipa amakukana, ngakhale iwe usanadyepo ndalama ya munthu.

Ife obwera, zolakwika pa mbiriyi zimatigwera mosavuta. A Banda ndi a Phiri tilipo ambiri. Wina papepala ili ndi Chirwa, papepala lina Chilwa. Pasipoti ikatha n'kutenga ina, nambala imasintha, ndiye mbiri ya munthu mmodzi ikhoza kugawika pawiri kapena kusakanikirana ndi ya wina. Palinso akuba: mu 2020 zinsinsi za anthu pafupifupi 24 miliyoni za ku Experian zinagwera m'manja mwa wachinyengo, ndipo mu 2022 a TransUnion nawo anaberedwa. Mnzanga wina wogwira ntchito ya m'dimba anamaliza kulipira mipando kusitolo ina, koma patapita nthawi anamukana nyumba chifukwa ngongoleyo inkaonekabe ngati sinathe. Chinamupulumutsa ndi malisiti amene mkazi wake anasunga.

Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti lamulo lili kumbali yathu. Lamulo la National Credit Act la 2005 limapatsa munthu ufulu woona mbiri yake kwaulere kamodzi pachaka ku kampani iliyonse. Muifunse ku makampani onse, chifukwa zimene ili nazo ina, inzake ikhoza kukhala ilibe. Muwerenge mofatsa: dzina, nambala ya chiphaso, malo amene munakhalako, ngongole iliyonse, ndi maina a amene anafunsapo za inu. Sitolo imene simunalowemo ikaonekapo, dziwani kuti pali amene akuyenda ndi dzina lanu.

Mukapeza cholakwika, kadandauleni ku kampani yomweyo, mutumize umboni, ndipo musachoke opanda nambala ya dandaulo lanu. Iwo ali ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti afufuze. Akalephera kupeza umboni wogwirika, ayenera kufafaniza. Yankho lawo likapanda kukukhutiritsani, pitani ku National Financial Ombud, bungwe limene kuyambira mu March 2024 linatenga ntchito ya Credit Ombud, kapena ku National Credit Regulator. Zonsezi salipiritsa. Choncho musanamizidwe ndi timapepala tomata pamitengo ya magetsi tolonjeza kuyeretsa dzina mukalipira. Ngongole yoona safafaniza ndi chiphuphu, ndipo yabodza mukhoza kuichotsetsa nokha.

Dziwaninso kuti wokongoza ayenera kukuchenjezani masiku 20 ogwira ntchito asanakulembetseni kuti ndinu wosabweza. Ngongole zambiri wamba zimafa pakatha zaka zitatu ngati simunalipireko, simunazivomereze, ndipo sanakusumireni. Chiphaso chikabedwa, kanenani kupolisi, kenako kalembetseni kwaulere ku Southern African Fraud Prevention Service kuti mabanki akhale tcheru wina akabwera ndi dzina lanu.

Koma vuto limene limandiwawa kwambiri timalibweretsa tokha chifukwa cha chibale. Mlamu akafika alibe mapepala, amapempha kuti mumutengere foni kapena firiji pa dzina lanu. Kukana kumaoneka ngati nkhanza. Komatu ntchito ikamuthera n'kubwerera kumudzi, kompyuta sidziwa mlamu, imadziwa amene anasaina. Muthandizeni ndi ndalama imene mungathe, mumugoneke, mumufunire ganyu, koma dzina musabwereketse. Inu makolo, musakakamize ana anu kusainira abale ngongole.

Musaganize kuti izi n'za kunja kokha. Kwathunso lamulo la Credit Reference Bureau lilipo kuyambira 2010, ndipo mabanki amafunsa ku makampani monga Credit Data asanakongoze munthu. Safunsa anadya phula. Amene muli ndi ngongole ku banki kapena ku SACCO, funsani zimene zalembedwa za inu, ndipo lisiti lomaliza kulipira mulisunge bwino.

Mundiperekere moni kwa onse.

Ine wanu,
Mwana wakwanu wa ku Cape Town